Ana atsala ndi ndani? Kuyerekeza njira zosamalira ana kwa ophunzira ukatekisiti ku Johannesburg

Bambo mfumu akakusankhani kuti mukaphunzire ukatekisiti, a mphakati, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, amakugwirani chanza, amayi nthungululu lakalaka. Funso limene silifunsidwa pamenepo ndi lakuti ana anu azitsala ndi ndani mukakhala m'kalasi. Kwathu funsoli silivuta kwenikweni. Katekisiti amene wapita ku malo ophunzitsira ngati ku Likulezi ku Phalombe amadziwika kuti watumidwa ndi mpingo, ndipo ngakhale mphunzitsi wa Tilitonse, kalasi ya chikhristu ya ana, akachoka tsiku lathunthu, pakhomo pamakhala agogo, azakhali kapena apongozi. Kuno ku Joni ambiri a ife timakhala m'kachipinda kamodzi ku Rosettenville, ku Yeoville, ku Diepsloot kaya ku Cosmo City, abale ali kutsidya kwa malire atatu. Akatekisiti ambiri kuno ndi ongodzipereka, salandira malipiro. Maphunziro awo amaikidwa nthawi imene anthu apantchito angapezeke: Loweruka, madzulo a mkati mwa sabata, nthawi zina mbindikiro wogonera komweko. Lamulungu ndiye pali kalasi ya katekisimu Misa isanayambe kapena itatha. Maola amenewa ndi omwe malo olerera ana amakhala otseka.

Mu Meyi 2021 Papa Francis anakhazikitsa ukatekisiti kukhala utumiki wovomerezeka wa akhristu eniake kudzera m'kalata ya Antiquum Ministerium. Kalatayo imanena za amuna ndi akazi okhwima m'chikhulupiriro, amene ayenera kuphunzitsidwa bwino Baibulo, chiphunzitso cha mpingo ndi kaphunzitsidwe. Anthu otere ambiri ndi makolo, ndipo maphunziro otere satha mwezi umodzi. Ndiye nkhani ya ana iyenera kukambidwa poyera, pa msonkhano womwewo wosankhira munthuyo, chifukwa amene watumidwa ndi mpingo sayenera kusenza yekha mtolo wa kutumidwako.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba pemphani kalendala ya maphunziro ya chaka chonse kwa amene amayang'anira akatekisiti pa parishi panu. Lembani masiku ndi maola, muphatikizepo nthawi ya paulendo. Maphunziro otha 1 koloko masana satanthauza kuti 1 koloko muli pakhomo ngati mukwera matekisi awiri ndi kuima pamzere pa siteji ya matekisi ku Bree kapena ku Noord. Musaiwale sabata yoyera: amene mukuphunzira kuperekeza akatekumeni, anthu okonzekera ubatizo, mudzafunika pa Misa ya usiku wa Pasaka, imene imatha mochedwa kwambiri.

Kenako njira iliyonse muiyeze ndi zinthu zinayi. Mtengo wake, osati ndalama zokha komanso chakudya, thiransipoti ndi ngongole ya ulemu imene mudzabweze. Kapezekedwe kake pa maola amene mukuwafunawo. Zimene muyenera kumachita kuti dongosololo lisafe pakatha miyezi iwiri. Ndiponso zoopsa zake kwa mwana. Msinkhu wa mwana umasintha zonse: khanda loyamwa, mwana wa zaka zitatu wothamangira kumsewu ndi wa Grade 5 safuna chisamaliro chofanana.

Dziwaninso msanga kuti ndalama ya boma yothandizira ana, imene inafika R560 pamwezi mu Epulo 2025, imaperekedwa ngati wolera mwanayo ali nzika ya South Africa, ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, kapena ndi wothawa kwawo wovomerezeka. Amalawi ambiri sitili m'magulu amenewa, choncho musaiwerengere m'bajeti pokhapokha mnzanu wapabanja akhale woyenera.

Njira yoyamba: kusinthana m'banja

Mtengo wake. Ndalama sizituluka m'thumba, koma zimene zikanalowa zimachepa. Loweruka ndi tsiku la ganyu kwa ambiri: osamalira maluwa, omanga, oluka tsitsi ndi ogwira m'malesitanti ndi pamene amapeza bwino. Bambo akatsala ndi ana Loweruka, werengani ganyu watayikayo ngati mtengo wa maphunziro.

Kapezekedwe. Imatheka ngati nonse muli kuno ndipo mashifiti anu salumikizana. Kwa mlonda wogwira usiku kapena mayi wogonera kuntchito kwa abwana, sizidalirika. Mlamu kapena mchemwali wokhala pafupi angathandize, koma naye anabwerera kudzasaka ndalama.

Kuti zipitirire. Kalendala ija ipachikidwe pakhoma pamene nonse mukuiona. Ndipo apa ndinene mosabisa kwa abambo: mkazi akasankhidwa, mwamuna ambiri amavomera pamaso pa bambo mfumu, koma Loweruka lachitatu amayamba kufunsa kuti maphunziro ake atha liti. Pamene mwamuna ndiye akuphunzira, palibe amene amafunsa za ana, zimangodziwika kuti mayi alipo, ngakhale nayenso watopa ndi ntchito ya sabata yonse. Ndibwino kuti amene akutsala pakhomo aitanidwe tsiku loyamba la maphunziro, amve yekha kutalika kwa ulendowo, avomere akudziwa.

Zoopsa zake. Choopsa chachikulu ndi pamene "m'banja" patanthauza mwana wamkulu. Mtsikana wa zaka 11 kumusiyira khanda, sitovu ya palafini ndi kiyi tsiku lonse si dongosolo ayi. Mwezi wa Juni ndi Julaye kuno kumazizira koopsa, ana amayatsa hita kapena mbaula chitseko chili chotseka, ndipo utsi wa makala umapha mwakachetechete. Ena amatsekera ana m'chipinda ndi loko poopa akuba. Amene tinaona moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, umene unapha anthu 76 kuphatikizapo ana ndi Amalawi anzathu, tikudziwa chimene geti lokiya limachita moto ukabuka. Ngati tsiku lina njira yokhayo ndi kutsekera ana, jombani kalasi tsiku limenelo, muimbire mphunzitsi foni.

Njira yachiwiri: kireshi, malo olerera ana masana

Mtengo wake. Mumalipira pamwezi, ndipo mitengo imasiyana kwambiri pakati pa kireshi ya kuseri kwa nyumba ku Alexandra ndi ya ku Randburg. Kuwonjezera apo pamakhala ndalama yolembetsera, matewera, nthawi zina chindapusa mukachedwa kudzatenga mwana. Boma limapereka thandizo ku makireshi olembetsedwa osamalira ana a mabanja osauka. Kwa zaka zambiri linali R17 pa mwana patsiku, ndipo mu 2025 analikweza kufika R24. Ndalamayo imapita ku kireshi, osati kwa kholo, koma ndi chifukwa chake malo ena olembetsedwa amatchipirako ndipo amapereka chakudya chabwinopo.

Kapezekedwe. Makireshi ali ponseponse, koma ambiri amatsegula Lolemba mpaka Lachisanu n'kutseka madzulo dzuwa likamalowa. Kwa wophunzira ukatekisiti, kireshi payokha sithetsa vuto la Loweruka ndi Lamulungu. Imathandiza mbali ina: mukakhala ndi tsiku lopuma mkati mwa sabata, mumapeza maola owerengera ndi kukonzekera phunziro. Pali ena ochepa amene amatsegula theka la Loweruka pa mtengo wapadera, funsani.

Kuti zipitirire. Adzakufunsani kabuku ka kuchipatala ka Road to Health ndi chikalata cha kubadwa kwa mwana. Katemera akhale wokwanira. Fizi imalipidwa ngakhale mwana wadwala sabata yathunthu, ndipo Disembala ambiri amatseka.

Zoopsa zake. Lamulo la ana la dziko lino, Children's Act ya 2005, limati aliyense wosamalira ana oposa 6 m'malo mwa makolo awo ayenera kulembetsa malowo. Kuyambira mu Epulo 2022 nkhani za makireshi zili m'manja mwa unduna wa maphunziro, osatinso wa zachisamaliro cha anthu. Malo ambiri m'madera athu sanalembetsedwe, ndipo sindikunena kuti onsewo ndi oipa: ena amayendetsedwa ndi amayi achikondi amene akungolephera zofunika za khonsolo. Koma pitani mukaone nokha, mosapangana, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Werengani ana, werengani akuluakulu. Onani kumene makanda agonekedwa, ngati geti limatsekedwa, ngati pali ndowa ya madzi yosavundikira, kumene amaphikira. Kireshi imene imakana kholo kulowa mkati, ndithu musasiyeko mwana.

Njira yachitatu: kulipira munthu, kwake kapena kwanu

Pano pali mitundu iwiri. Wina ndi mayi amene amalandira ana angapo m'nyumba mwake, amene kuno amamutcha day mother kapena kungoti gogo. Wina ndi munthu amene mwamuitana kudzakhala ndi ana kwanu.

Mtengo wake. Mayi wolandira ana kwake mumagwirizana naye pamwezi kapena patsiku, ndipo nthawi zambiri amatsika mtengo kuposa kireshi. Koma mukaitana munthu kwanu, pamaso pa lamulo mwalemba wantchito wa m'nyumba. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola kuyambira pa 1 Malichi 2025, ndipo amakwera chaka ndi chaka mwezi womwewo. Pa mtengo umenewo, Loweruka la maola 8 ndi R230.32. Ngakhale agwire maola awiri okha, lamulo limati alipidwe a maola anayi, ndiye kalasi ya madzulo imodzi ndi R115.16. Akapitirira maola 24 pamwezi muyenera kumulembetsa ku UIF, thumba la boma lothandiza antchito ntchito ikawathera, inu kuperekapo 1 peresenti ya malipiro ake, iye 1 peresenti. Ma Loweruka anayi a maola 8 akwana kale maola 32.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga pano nawonso ndi antchito a m'nyumba, ndipo ndalama zimenezi zikumveka zolemera. Komabe munthu amene Lamulungu adzaima pamaso pa ana kuwaphunzitsa lamulo lachisanu ndi chiwiri loti usabe sangamapatse mnzake R50 pa tsiku lathunthu chifukwa choti ndi wobwera kumene ndipo alibe kolowera. Ife tomwe timadandaula mabwana akatidyera masuku pamutu. Ngati simungakwanitse, muuzeni zoona, kapena phatikizanani mabanja awiri mulipire munthu mmodzi mokwanira.

Kapezekedwe. Iyi ndiyo njira yofewa pa nkhani ya maola. Loweruka, madzulo, ngakhale usiku wa mbindikiro, zimatheka mukapangana. Mayi wa Chimalawi amaposa apa: mwana amamva Chichewa, amadya phala ndi nsima zimene anazolowera.

Kuti zipitirire. Lipirani tsiku limene munagwirizana, osati "ndikalandira". Siyani chakudya, mankhwala ndi manambala awiri a foni. Khalani ndi munthu wachiwiri m'maganizo, chifukwa mayiyo akapeza ntchito yokhazikika kapena kukagwa maliro kumudzi, adzanyamuka mawa lomwelo, ndipo simungamuimbe mlandu.

Zoopsa zake. Palibe amene amayendera malo amenewa. Nyumba zambiri zimene timachita lendi zili ndi mabanja angapo pabwalo limodzi, bafa limodzi, anthu olowa ndi kutuluka amene mayiyo sawadziwa bwino. Funsani kuti masana m'nyumbamo mumakhala ndani, makamaka amuna ndi anyamata akuluakulu. Funsani ngati iye amachokapo kukagula zinthu, ndipo ana amatsala ndi yani. Kupemphera tchalitchi chimodzi si umboni wokwanira. Lankhulani ndi makolo ena amene anasiyako ana, ndipo mwana wanu akayamba kukana kupitako mwadzidzidzi, mumvereni. Nambala ya Childline ndi 116, yaulere.

Njira yachinayi: mphakati ndi parishi

Njira iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo ndikhalapo pang'ono. Miphakati si yachilendo kwa ife: maepiskopi a AMECEA, bungwe lawo la kum'mawa kwa Africa, anaikhazikitsa ngati maziko a mpingo m'zaka za m'ma 1970, ndipo Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe. Kuno nakonso njira ya magawo asanu ndi awiri yogawana Mawu a Mulungu inachokera ku malo a maphunziro a mpingo a Lumko, m'dziko lomwe lino. Timasonkha za maliro, timachita chipereganyu, timatumiza mitembo kumudzi ndi ndalama za gulu. Ngati timakwanitsa zimenezo, kusunga ana atatu a katekisiti wathu Loweruka limodzi pamwezi sikungatikanike. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zimachitika m'njira ziwiri. Mabanja a mu mphakati amasinthana kulandira anawo kunyumba kwawo, kapena ana a ophunzira onse amasonkhanitsidwa m'chipinda china pa parishi pamene maphunziro akuchitikira.

Mtengo wake. Wochepa: buledi, tiyi, zipatso, mwina thiransipoti ya osamalirawo. Ndalama imeneyi iyenera kuchoka m'thumba la mphakati kapena la parishi, ndipo ipemphedwe ku khonsolo ya parishi chaka chisanayambe, pamene akukonza bajeti. Mukapita pakati pa chaka adzakuuzani kuti ndalama zinagawidwa kale.

Kapezekedwe. Apa pali vuto lenileni la ku Joni. Mphakati wa kwathu ndi anthu oyandikana nyumba, koma gulu la Akatolika a Chimalawi kuno limatha kukhala lomwazikana, wina ku Turffontein, wina ku Tembisa, wina ku Lenasia, kukumana pa Misa pokha. Kukasiya ana kwa membala wokhala kutali kungadye ndalama ya tekisi yoposa kulipira munthu wapafupi. Choncho musayang'ane Amalawi okha. Pa parishi pamene mumapemphera pali amayi a St Anne, a Sacred Heart, a Legio, Azulu, Asotho, a ku Zimbabwe ndi ku Congo. Katekisiti adzaphunzitsa ana a onsewa, ndiye palibe manyazi kuwapempha.

Kuti zipitirire. Mawu a pakamwa oti "tidzathandiza" amatha mwezi woyamba. Pakhale ndandanda yolembedwa: tsiku, dzina, nambala ya foni, ndi wolowa m'malo wina akalephera. Iikidwe pa gulu la WhatsApp, ndipo pakhale munthu mmodzi, osati wophunzirayo, wokumbutsa Lachinayi lililonse. Chifukwa chake n'chakuti wophunzirayo akamapempha yekha sabata ndi sabata, amayamba kudziona ngati wovutitsa, kenako amangosiya maphunziro osanena chifukwa. Abambo alowe nawo pa ndandanda, ngakhale kungogula chakudya kapena kunyamula ana pa galimoto. Zisagwere amayi awiri omwewo amene amakolopanso m'tchalitchi ndi kuphika pa maliro.

Talingalirani Loweruka lina m'holo ya parishi. Kuchipinda chakumbali ayala bulangete pansi, pali ana asanu ndi awiri, mayi wina akusenda malalanje, mnyamata wa ulimbitso akuwerengera ang'onoang'ono nkhani ya Zakeyo pamene wamkulu akumuyang'anira. Chitseko chili chotsegula. Pakhomo pali kope lolembamo dzina la mwana, amene wamubweretsa ndi amene adzamutenge. Nthawi ya tiyi mayi woyamwitsa amatuluka m'kalasi, kuyamwitsa, n'kubwerera. Palibe chodula pamenepa, chimangofunika munthu woti achikonze.

Zoopsa zake. Tchalitchi si malo oti tizingokhulupirira aliyense, ndipo mpingo wokha unaphunzira zimenezi mowawa. Bungwe la maepiskopi a kuno, SACBC, lili ndi ndondomeko yoteteza ana, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi ana pa parishi ayenera kuitsata. Pazikhala akuluakulu awiri nthawi zonse, osati mmodzi. Dziko lino lili ndi kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana, ndipo munthu amafufuzidwa pogwiritsa ntchito chikalata cha Form 30. Inu ophunzira ukatekisiti mwina adzakupemphani zomwezo pamodzi ndi kalata ya kupolisi. Musakhumudwe nazo, ndipo osamalira ana anu asakhumudwenso. Ana akapitirira 6, bambo mfumu afunse ku ofesi ya arkidayosizi zimene lamulo likufuna. Choopsa china ndi miseche: mwana akagwa n'kuchubuka bondo kunyumba kwa membala, nkhani imatha kugawa mphakati. Gwirizanani pachiyambi kuti ngozi ikachitika mudzatani, ndipo kumenya mwana wa wina kuletsedwe poyera.

Njira yachisanu: kupita naye, kapena kuphunzirira kunyumba

Mtengo wake. Khanda lakumbuyo silifuna ndalama. Kuphunzira pa intaneti kumafuna data ndi foni yabwino. Maphunziro a patali monga a TEE College, sukulu ya mipingo yosiyanasiyana imene ili kuno ku Johannesburg, ali ndi fizi yake.

Kapezekedwe. Khanda loyamwa ambiri amalilandira mukawauziratu. Mwana akayamba kuyenda, zatha: simudzamva kanthu, anzanu sadzamvanso. Za pa intaneti zimadalira okonza maphunzirowo, ndipo musanalipire kwina kulikonse funsani bambo mfumu ngati zimenezo zidzawerengedwa m'malo mwa maphunziro a arkidayosizi.

Kuti zipitirire. Mufunika ola lachete ana atagona, ndi batire lodzaza magetsi akazima.

Zoopsa zake. Kwa mwana n'zochepa. Kwa inu, mumaphunzira mwatheka, ndipo ukatekisiti suphunziridwa pa foni pokha: umafuna kuona wina akuphunzitsa, kupemphera ndi anzanu, kuyesera pamaso pa ana enieni.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kutumiza ana kumudzi, kapena kuitana wachibale

Mabanja ambiri a ku Joni anachita kale zimenezi chifukwa cha ntchito ndi lendi, ndipo sindikuwaweruza. Koma ngati chifukwa chake ndi maphunziro a ukatekisiti okha, mtengo wake ndi waukulu kuposa chimene mukugula.

Mtengo wake. Basi yochoka ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, ulendo wa masiku awiri kapena kuposerapo malire akavuta. Pasipoti ya mwana, mwinanso chikalata cha kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo limene silikuyenda nawo. Kenako kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi pa Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. Musanyengedwe ndi kuchuluka kwa makwacha pa randi imodzi: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chimanga, sopo ndi mafuta ophikira inakwera nayo. Ndiponso ndalama yotumizira mwana mmodzi imadyetsa nyumba yonse ya agogo, ndipo simungakane.

Kapezekedwe. Zimadalira mphamvu za agogo, osati kufuna kwawo. Agogo sakana mdzukulu, ngakhale miyendo ikuwawa ndipo akulera kale ana a mchemwali wanu. Nkhaniyi ikambidwe mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, amalume a anawo adziwe, kuti pasadzakhale kulozana zala mwana akadwala.

Kuti zipitirire. Foni sabata iliyonse, kulankhula ndi mwanayo mwini, osati ndi akuluakulu okha. Munthu wina wodalirika wokaona kusukulu. Khadi la ubatizo lipite naye kuti adzalembetse kalasi ya Ukaristia ku parishi ya kumudzi. Kumbukirani kuti sukulu kuno imayamba Januwale pamene kwathu imayamba Sepitembala, ndiye mwana amataya miyezi kapena kubwereza kalasi, popita ndi pobwera pomwe.

Zoopsa zake. Ku Johannesburg kulibe malungo, choncho mwana wobadwira kuno thupi lake silinakumanepo nawo, ndipo akafika kwathu nyengo ya dzinja amatha kudwala kwambiri. Neti ndi kuthamangira kuchipatala akangotentha thupi si zokambirana. Mwana wolankhula Chingerezi ndi Chizulu amavutika poyamba m'kalasi. Ndipo pali chilonda chosaoneka cha mwana amene amadziwa kuti amayi ake Lamulungu lililonse amaphunzitsa ana a eni, iye ali kutali.

Ena amatumiza ana poganiza kuti opanda mapepala sangalandiridwe kusukulu kuno. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti sukulu za boma zisakanize mwana chifukwa chosowa zikalata, ndipo kuyambira 2024 lamulo la maphunziro la BELA linachititsa Grade R, kalasi ya ana asanalowe Grade 1, kukhala yokakamiza. Masukulu ena amavutabe pakhomo, koma lamulo lili kumbali ya mwana. Ofesi ya arkidayosizi yosamalira obwera ndi othawa kwawo, komanso a Jesuit Refugee Service, ndi malo oyamba kukafunsako nzeru zikavuta.

Kuitana wachibale kuchokera kumudzi kuli ndi msampha wake. Mmalawi amalowa kuno popanda viza kwa masiku 30 okha. Akapitiriza masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Kutenga kamtsikana kusukulu kwathu kuti kadzalere ana anu ndi kukaphera tsogolo, ndipo kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15 ndi mlandu kuno. Agogo kubwera mwezi umodzi nthawi ya mbindikiro ndi sabata yoyera, atatenga mapepala oyenera, zimenezo n'zotheka ndipo n'zabwino.

Njira iti kwa yani

Ngati muli ndi khanda loyamwa ndipo maphunziro ndi a theka la tsiku, pitani nalo, koma yambani lero kukonza za miyezi ikubwerayi pamene lidzayamba kukwawa.

Ngati nonse awiri muli kuno ndipo mmodzi amapuma Loweruka, kusinthana m'banja kukukwanirani. Onjezerani mphakati kuti ugwire masiku a mbindikiro ndi usiku wa Pasaka, kuti mnzanuyo nayenso apezeke pa mapemphero.

Ngati mukulera nokha ana aang'ono, musavomere maphunziro musanakhale pansi ndi bambo mfumu ndi atsogoleri a mphakati. Mukufunika zinthu ziwiri pamodzi: ndandanda yolembedwa ya mphakati, ndi mayi wolipidwa wapafupi amene angagwire tsiku limene ndandanda yalephera. Pemphani parishi ithandize kulipira mayiyo. Akakana zonse ziwiri, nenani mwaulemu kuti mudikira chaka chamawa.

Ngati pa parishi panu kapena m'dinale mwanu, gulu la maparishi oyandikana, muli ophunzira atatu kapena kuposerapo okhala ndi ana, chipinda cha ana pamalo a maphunziro ndicho chotchipa ndiponso chotetezeka kuposa zonse. Pitani limodzi kwa okonza maphunziro, mutatenga kale maina a akuluakulu awiri ovomera kufufuzidwa.

Ngati mumagwira mashifiti osinthasintha, muli mlonda, wa m'lesitanti kapena wogonera kuntchito, mayi wolera ana kunyumba kwake ndiye angagwirizane ndi maola anu. Kireshi ikhale ya mkati mwa sabata, ndipo funsani ngati magawo ena a maphunziro mungawatsate pa intaneti.

Ngati ana ali kale kumudzi, vuto lanu ndi la bajeti ndi nthawi: ma Loweruka a maphunziro adzachepetsa ganyu, ndiye auzeni agogo msanga kuti miyezi ina ndalama idzachepa, ndipo Disembala musalonjeze ntchito za parishi ngati ndi mwezi wokhawo umene mumakaona ana. Ngati ana ali kuno ndipo mukuganiza zowatumiza chifukwa cha maphunzirowa okha, asiyeni akhale, yesani kaye njira ya mphakati ndi ya mayi wolipidwa kwa miyezi itatu, kenaka muonenso.